Kandege kopanda bomba kamakatani kunkhondo?

FUNSO: Akonzi, ndinaona chithunzi cha kandege ka asilikali kakang'ono zedi, injini imodzi yapropela, ati ntchito yake ndikungoyang'ana zochitika pansi. Bomba kalibe, liwiro kalibe, ndiye phindu lake nchani? Adani sangokagwetsa basi?

YANKHO: Achimwene, kuchedwa mukukunyozako ndiye kofunika. Jeti ikamadutsa ndi liwiro lake lija pailoti saona kanthu, thanki ndi chitsamba zimangofanana, pomwe kandege aka kamazungulirazungulira malo amodzi chapansipansi, wapampando wakumbuyo mapu ali pamwendo wailesi kukhutu, akuwerenga magalimoto, akuona mkukuluzi wa matayala omwe dzulo kunalibe, kautsi kakutuluka munkhalango momwe simuyenera kukhala munthu. Akatero amauza amizinga kuti ombani apa, chipolopolo chikagwa patali amati mwaphonya, bwezani pang'ono kumanzere, mpaka chimenye.

Ndipotu ntchito yoyamba ya ndege kunkhondo inali imeneyi, sikuponya mabomba ayi. Mu 1911 ku Libya, msilikali wa Italy Carlo Piazza anauluka kukasuzumira komwe kunali asilikali a Turkey, nkubwerera kukanena.

Kanu ka pachithunzika mwina ndi Cessna O-1 Bird Dog, kamene a America anagwiritsa ntchito ku Korea ndi ku Vietnam. Kunsi kwa mapiko kankanyamula maroketi autsi woyera, kakaona adani kamaponya utsiwo, majeti nkubwera kudzamenya pomwe pakufukapo. Zogwetsedwa mukunenazo nzoona, ku Vietnam tindege timeneti tinagwa tambiri, mazana ndithu, poti thupi lake nlopyapyala mfuti wamba imaboola. Koma nthawi zambiri apansiwo ankangoti phee osawombera, chifukwa ukangowombera wadziulula pomwe wabisala, ndiye ukaphonya zako zada.

Kenako kunabwera zikuluzikulu ngati Grumman OV-1 Mohawk yomwe inayamba kuuluka mu 1959, ya makamera ndi rada yoyang'ana chammbali, ikutha kuona magalimoto oyenda usiku kapena kuli mitambo osachita kudutsa pamutu pa mdani. A America anaisiya mu 1996.

Pano ntchitoyi yapita kwambiri kwa madroni, onani ku Ukraine komwe Russia ikugwiritsa ntchito droni yotchedwa Orlan-10 kulondolera mizinga chimodzimodzi. Ine ndimaona kuti pamenepa asilikali anapeza polowera, droni ndiyotchipa komanso ikagwa mulibe munthu, mawa lake amangoulutsa ina.