Madrasa ndi bizinesi: yambani mwapeza wogula

Bambo wina wa m'komiti ya madrasa ku Mangochi wanditumizira imelo. Akuti ana awo amamaliza Qur'an bwinobwino, koma akatuluka amangokhala pakhomo, anyamata ena n'kuthawira ku Joni. Akufunsa ngati madrasa angagwirizane ndi eni mabizinesi kuti ana aphunzirenso kudzipezera ndalama popanda kusokoneza maphunziro a dini.

Bambo, n'zotheka ndithu. Ku Indonesia kuli sukulu za Chisilamu zogonera konko, zotchedwa pesantren. Pa sukulu ya Al-Ittifaq, kumapiri a Ciwidey kufupi ndi mzinda wa Bandung, ophunzira amalima ndiwo zamasamba kwinaku akuphunzira dini, ndipo kopaletivu ya sukuluyo imagulitsa ndiwozo kumasitolo akuluakulu. Mphamvu yagona pa masitolowo. Mwini sitolo amafuna kabichi wosankhidwa, wotsukidwa, wolongedzedwa bwino, wofika m'mamawa tsiku lomwe munapangana. Mwana amene kabichi wake wabwezedwa chifukwa cha mbozi amaphunzira tsiku lomwelo zomwe bolodi silingamuphunzitse chaka chonse.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musayambe ndi kalata yopempha makina osokera. Makina achithandizo nthawi zambiri amangochita dzimbiri m'chipinda, chifukwa palibe amene anafunsa kuti zosokedwazo adzagula ndani. Pitani kaye kwa telala wapamsika, kwa kalipentala, kwa wowotcherera zitseko, ku malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Afunseni chomwe amagula sabata iliyonse, ndiponso ngati angalandire ana awiri kapena atatu. Wina akakupatsani oda ya mayunifolomu, pamenepo makina apeza ntchito.

Zomwe mwagwirizana muzilembe: maola a ntchito, nthawi ya swala, Lachisanu, Ramadhan, amene adyetse anawo masana, ndi kagawidwe ka phindu. Atsikana akhale ndi mayi wowayang'anira; makolo sangalole popanda zimenezi, ndipo sakulakwa. Mpamba usachokere ku katapira. Chisilamu chili ndi njira yake ya mudaraba: wina amaika ndalama, wina ntchito, phindu n'kugawana monga anapanganira. Ashehe aziphunzitse zimenezi ana ali ndi kope la maakaunti m'manja.

Mukayenderenso a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amalipirako 1 peresenti ya ndalama za malipiro kuti achinyamata aphunzire luso. Kafunseni mmene ana anu angayesedwere mayeso kuti atuluke ndi satifiketi yozindikirika.