Za thandizo la fizi kwa mwana wa kumudzi

Mayi a ku Bangula, mwafunsa ngati pali thandizo lapadera kwa mwana wanu amene wasankhidwa ku yunivesite ya MUST, ku Thyolo, poti ndi wochokera kumudzi. Choyamba, zikomo kuti mwamulimbikitsa mpaka apa. Kuno ku Chigwa cha Shire si ana ambiri amafika pamenepo.

Khomo loyamba kugogoda ndi bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Koma dziwani kuti zambiri zomwe limapereka ndi ngongole, ndipo mwana adzabweza akadzamaliza maphunziro. Chomwe amayang'ana kwambiri ndi kusowa kwa banja. Kungokhala wa ku Nsanje pakokha sikukwanira.

Ndiye sonkhanitsani umboni msanga: chiphaso cha unzika, kalata yomuitana ku yunivesite, ndi chikalata cha imfa ngati bambo ake anatisiya. Mabanja ambiri kwathu mapepala anapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023, ena anangotsala ophatikana ndi matope osawerengeka. Ngati ndi choncho, yambani lero kukonzetsa ku boma.

Ngongole ya bungweli amafunsira pa intaneti, choncho asadikire tsiku lomaliza, netiweki yathu mukuidziwa. Akafika kusukulu akaonekerenso ku ofesi yoona za ophunzira, akafunse za mabasale ena.