Kuphatikiza magulu ofanana pa Lemmy

Achimwene, mwafunsa ngati magulu awiri okambirana za Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta), la pa lemmy.ml ndi la pa lemmy.world (maseva awiri osiyana a Lemmy, bwalo lokambiranapo nkhani pa intaneti), angaphatikizidwe n'kukhala gulu limodzi. Batani lotero kulibe. Mu ActivityPub, njira yomwe maseva a Lemmy amalumikizirana, gulu limakhala la seva yomwe linabadwira, n'chifukwa chake dzina lake limathera ndi dzina la sevayo, monga @lemmy.ml, ndipo zolembedwamo sizisamuka.

Chotheka n'choti oyang'anira agwirizane, atseke gulu limodzi kuti anthu asalembemonso, n'kuika uthenga pamwamba wolozera kwinako. Pamavuta ndi pomwepo, aliyense amakakamira kaufumu kake. Ambiri mwa magulu ofanana oterewa anangomera ngati bowa mu 2023, anthu atathawa ku Reddit, bwalo lina lalikulu lokambiranapo nkhani, n'kubwera pa Lemmy.

Ineyo ndimangotsatira magulu onse awiri a Linux aja, ngakhale nkhani imodzimodzi imandipeza kawiri m'mawa. Zikakutopetsani, yesani PieFed, pulogalamu ina yofanana ndi Lemmy yomwe imatha kusonkhanitsa magulu ofanana pamalo amodzi.