Zilembo ziwiri zomwe akuchikazi anu akuzidumpha pa nambala ya Colt

Bambo wina wa ku Dallas, ku America, andilembera imelo yofunsa za volovolo ya Colt Single Action Army yomwe apongozi awo adasiya pomwalira. Nambala yake ili m'ma 5000 ndipo kumapeto kwake kuli zilembo SA, koma alamu awo akuchikazi akuumirira kuti nambala yotsika chonchi ndi umboni woti mfutiyo idali m'manja mwa asilikali a Custer, mtsogoleri wa gulu lina lankhondo la America wa m'ma 1870. Bambowa akufuna kudziwa zoona zake mkangano wa chuma cha masiye usanakule.

Bambo, nkhani ya alamu anuwo ili ndi pomwe idachokera. Kampani ya Colt, ya mumzinda wa Hartford ku Connecticut, idayamba kupanga mfutiyi mu 1873, ndipo amisiri omwe adaikonza ndi William Mason ndi Charles Richards. Boma la America lidaisankha chaka chomwecho kuti ikhale ya asilikali oyenda pa akavalo, ili ndi mpope wotalika mainchesi 7.5 ndi zipolopolo za .45 Colt, ndipo pofika 1891 lidali litagula zoposa 37,000. Zina mwa mfuti zomwe gulu la George Custer lidalandira lisanakagonje kwa ankhondo a Lakota ndi Cheyenne, mitundu ya eni nthaka a ku America, ku Little Bighorn pa 25 June 1876 zidali ndi manambala a m'ma 4500 mpaka m'ma 6500. Ndiye aliyense amene waona 5000 pa Colt yakale mtima umamudumpha, ndipo zilembo zomwe zatsatira nambalayo amangoziona ngati zokongoletsa.

Funso lanu landikhudza chifukwa ndidaonapo ndi maso anga nambala ya mfuti ikusandutsidwa chida chobera munthu. Zaka zomwe ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indiana, ndinkapita kunyumba ya gogo wina wamwamuna yemwe adasonkhanitsa mavolovolo akale kuyambira ali mnyamata. Manja ake adali atayamba kunjenjemera, choncho ntchito yopukuta mfutizo ndi kansalu ka mafuta idagwera ine, iye atakhala pampando wake wa matayala n'kumandilondolera. Ankandiuza kuti nditembenuze mfuti chagada pansi pa nyali, n'kundipatsa galasi lokulitsira zinthu kuti ndiwerenge manambala atatu: imodzi pathunthu la mfuti kutsogolo kwa chitsulo chotchinga chokhethemulira, ina pachitsulo chotchingacho, ndi yachitatu kunsi kwa chigwiriro. Pa imodzi mwa mfutizo, ya mpope wa mainchesi 5.5, manambala atatuwo adali osiyana, ndipo pambali pa thunthu padali zilembo U.S. zomwe zidali zitayamba kufufutika. Gogoyo ankaikonda kuposa zinzake zonse, ndipo ankaisunga yokha m'sokosi yaubweya.

Chifukwa chake adandifotokozera mobwerezabwereza mpaka ndidachiloweza. Asilikali atasiya mfutiyi mu 1892 n'kutenga ina ya .38, boma silidataye zakalezo. Mu 1895 ndi 1896 lidabweza 2,000 ku Colt kuti zikakonzedwe, ndipo mu 1898 fakitale ya boma ya Springfield Armory idadula mipope ya mfuti 14,900 kufika pa mainchesi 5.5. Amisiri a ku Springfield ankaphwasula mfuti zambiri nthawi imodzi, kutsuka zitsulo zake pamodzi, kenako n'kumanganso potenga chitsulo chilichonse chomwe chakwana, osalabadira nambala, poti iwo ankangofuna mfuti zowombera, ndipo zidakagwiritsidwa ntchito pa nkhondo yolimbana ndi Spain komanso ya ku Philippines. Mfuti zimenezi ndi zomwe osonkhanitsa amazitcha Artillery, ndipo kusiyana kwa manambala ake ndi mbali ya mbiri yake yeniyeni.

Gogoyo atatisiya, mai a kunyumba kwake adaitana wogula zinthu zakale kuti adzaone katunduyo. Munthuyo adayala mfutizo patebulo la kukhitchini, adatembenuza ya m'sokosi ija, n'kupukusa mutu akunena kuti manambala sakugwirizana, kotero ndi mfuti yongolumikiza zidutswa yomwe palibe angaifune. Ine ndidayesa kulankhula, koma wantchito wobwera sapikisana ndi munthu wodzitcha katswiri pamaso pa namfedwa yemwe akungofuna kuti zinthu zichoke m'nyumba. Patapita miyezi ndidaiona mfuti yomweyo pachionetsero cha mfuti, itamangiriridwa kapepala kolembedwa Artillery, mtengo wake uli kutali kwambiri ndi ndalama zomwe maiwo adalandira. Munthuyo ankadziwa bwino lomwe chomwe adagwira m'manja tsiku lija.

Kuchokera pamenepo sindikhulupirira munthu aliyense amene amagamula za Colt atangoyang'ana nambala kamodzi, kaya akuitsitsa kaya akuikweza. Ogula achinyengo amanyoza manambala osiyana, pomwe ogulitsa achinyengo amafufuta manambala ndi kudinda ena kuti afanane, ena mpaka kuwonjezera U.S. pa mfuti yomwe siidalowepo m'kampu ya asilikali. Ndipo ndinene mosabisa kuti misala ya Custer yawononga msika umenewu. Ngakhale mfuti itakhala yeniyeni ya 1874, yokhala ndi kachilembo A ka woyendera wa boma Orville Ainsworth, nambala yokha siitsimikiza kuti idafika ku Little Bighorn, chifukwa magulu ena a asilikali adalandiranso mfuti za manambala oyandikana ndi amenewo. Anthu akulipira ndalama zogulira nyumba chifukwa cha nthano yomwe wogulitsa sangaiikire umboni, ndipo mabanja ngati lanu akudana chifukwa cha chuma chomwe kulibe.

Palinso msampha wina womwe ndauona ukukola anthu oona mtima. Pakachitseko kolowetsera zipolopolo pamakhala nambala yaifupi, ndipo ambiri amaiwerenga ngati nambala ya mfuti, n'kusangalala kuti apeza imodzi mwa zoyambirira. Imeneyo ndi nambala yomwe amisiri ankagwiritsa ntchito m'fakitale kuti kachitsekoko kabwerere pathunthu lake pomanga, ndipo siinena kanthu za chaka. Kuwonjezera apo, mfuti za zipolopolo za .44 rimfire zomwe zidapangidwa pakati pa 1875 ndi 1880 zidapatsidwa mndandanda wawowawo woyambira pa 1, kutanthauza kuti manambala otsika kwambiri alipo awiriawiri.

Mibadwo itatu ya manambala

Mbadwo woyamba udayamba ndi nambala 1 mu 1873 ndipo udathera pa 357859 pomwe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idachititsa kampaniyo kusiya mfutiyi n'kuyamba ntchito za nkhondo. Manambala a mbadwo umenewu alibe chilembo chilichonse. M'kati mwake mulinso mtundu wa Bisley, wa chigwiriro chopindika kwambiri, womwe udayamba mu 1894 n'kumagawana mndandanda womwewo. Malire awiri ndi ofunika kuwadziwa. Cha pa 165000, mu 1896, sikuluwu yomwe inkagwira kamtengo kachitsulo komwe silinda (chitsulo chozungulira momwe mumakhala zipolopolo) imazungulirapo idalowedwa m'malo ndi kabatani ka sipuling'i kodutsa chopingasa. Koma kampani idavomereza onga wopanda utsi kuyambira cha pa 192000, mu 1900, choncho kabatani kokha sikapereka chilolezo choika zipolopolo zamakono m'mfuti yakale, ndipo amene amayesa amaika dzanja lake pachiswe.

Nkhondo itatha, Colt idalibe maganizo oyambiranso. Chomwe chidaikakamiza ndi mafilimu ndi masewero a pa wailesi yakanema a akauboyi a m'ma 1950, omwe adachititsa kuti mitengo ya mfuti zakale ikwere komanso kuti makampani ena monga Ruger ndi Great Western ayambe kugulitsa zofanana nazo. Mbadwo wachiwiri udayamba mu 1956 ndi nambala 0001SA, ndipo udatha cha m'ma 1974 manambala ali m'ma 73000SA. Wachitatu udayamba mu 1976 pa 80000SA, manambala atadzaza pa 99999SA mu 1978 zilembozo zidasamukira kutsogolo, ndipo m'ma 1990 zidagawidwa, S kutsogolo ndi A kumbuyo. Aliyense amene amawerenga manambala n'kusiya zilembo amasakaniza mibadwo itatuyi, zaka 80 n'kuzimeza ngati palibe.

Tsono Bambo, volovolo ya apongozi anu ndi ya mbadwo wachiwiri, ndipo nambala ya m'ma 5000SA ikugwera m'chaka choyamba, 1956, Custer atagona m'manda zaka 80. Musaitaye mtima, chifukwa zoyambirira za mbadwo umenewu osonkhanitsa amazifuna, makamaka ngati bokosi lake lakuda likadalipo ndiponso ngati palibe adaipala kapena kuidetsanso. Onetsetsani kuti pamwamba pa mpope palembedwa dzina la Colt ndi Hartford, poti makampani a ku Italy monga Uberti ndi Pietta amapanga zofanana nayo kwambiri. Kenako lipirani kalata yochokera ku nthambi ya Colt yosunga mabuku akale, yomwe idzakuuzani tsiku lomwe mfutiyo idatumizidwa, sitolo yomwe idailandira, mtundu wa zipolopolo ndi kutalika kwa mpope. Muwaonetse alamu anu kalatayo banja lonse litakhala pansi, ndipo wogula asalowe m'nyumba kalatayo isanafike.