Bwanji thambo la pa chithunzi chakale cha ku Italy lafiira?

Bambo wina wa ku Manchester watilembera imelo. Akuti anaona chithunzi chakale cha nyanja ya Albano ku Italy, chopakidwa utoto wamadzi, koma thambo lake ndi lofiirira ngati katondo. Akufunsa ngati wojambula anafuna choncho, ndiponso ngati ankapakira pamalo pomwepo.

Bambo, tiyambe ndi funso lachiwiri. M'zaka za m'ma 1700, ana a mabanja olemera a ku Britain ankapita ku Italy pa ulendo wotchedwa Grand Tour. Kamera kunalibe, choncho ena ankatenga wojambula woti awakonzere zikumbutso. Mwachitsanzo, wojambula John Robert Cozens anapita ndi wolemera wina, Richard Payne Knight, mu 1776, kenako ndi William Beckford mu 1782. Panjira ankangolemba mizere ndi pensulo m'kabuku, utoto n'kudzapakira m'nyumba, mwina patapita zaka, ndipo malo amodzi ankawabwereza kwa ogula angapo. Timabuku 7 ta Cozens ta ulendo wa Beckford tili ku nyumba yosungiramo zithunzi ya Whitworth, kwanu ku Manchester komweko.

Za thambolo, wojambula sanafune choncho ayi. Ankayamba ndi utoto wotuwa pa mithunzi, ukauma n'kupaka pamwamba mitundu ina yosungunulidwa kwambiri. Poyera paliponse ndi pepala lenilenilo. Mitambo yotuwa ankaipeza posakaniza indigo, utoto wobiriwira ngati thambo wochokera ku zomera, ndi utoto wofiira wa dothi. Indigo wopakidwa mopyapyala amasuluka ndi kuwala, wa dothi sasuluka. Watsala yekhayo ndiye mukumuonayo. Katswiri akachotsa chithunzi m'felemu, m'mphepete momwe katoni yozungulira chithunzicho inaphimba mumapezeka kamzere kosasuluka.

N'zomvetsa chisoni, chifukwa utoto wosuluka subwerera. Zithunzi zambiri zotere ankazisunga m'mabuku aakulu, n'kumatsegula alendo akabwera. Zimene zinapachikidwa pakhoma zaka zambirimbiri ndizo zinawonongeka.

Mukakhala ndi chithunzi chotere, kuwala kusapitirire 50 lux (muyezo wa kuwala), chinyezi chikhale cha m'ma 50 peresenti, chifukwa chikachuluka pepala limachita timadontho tofiirira. Katoni ikhale yopanda asidi, galasi lotchinga cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV, ndipo lisakhudze pepala. Musachipukute ndi madzi ngakhale pang'ono.

Kuti muone maonekedwe enieni a zithunzi zotere, funsani ku British Museum ku London zithunzi za ku Rome za wojambula wina, Francis Towne, za 1780 ndi 1781. Zinaperekedwa kumeneko iye atamwalira mu 1816, zakhala mumdima, ndipo thambo lake likadali lowala.