Galu si loko ya pachitseko

Kalata iyi inafika Lachiwiri usiku ndipo ndakhala nayo masiku anayi osaiyankha. Alemba ndi achemwali ena a ku Lilongwe. Amakhala okha ku Area 25, amagwira ntchito ku City Centre, amatuluka 6 koloko m'mawa n'kubwerako kutada. Mwezi wathawu akuba anawathyolera zenera. Akufunsa kuti akagula galu aziwadyera ndalama zingati, ndiponso ngati angathe kumakhala yekha tsiku lonse.

Achemwali, ndachedwa chifukwa kalata yanu yandikumbutsa galu wanga Mwandida, ndipo nkhani ya Mwandida imandichititsabe manyazi.

Munali mu 2016. Ndinkachita lendi ku Chilomoni, ntchito ndikugwira ku Limbe, maminibasi awiri kupita, awiri kubwera. Nanenso anali atandibera, wailesi ndi nsapato zomwe ndinayanika panja. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinaona mnyamata m'mbali mwa msewu atanyamula tiana tagalu tiwiri m'mwamba, kamodzi dzanja ili, kena dzanja linalo, ngati akutsatsa nkhuku. Anandilumbirira kuti ndi German Shepherd weniweni, bambo wake ndi wa azungu ena a ku Namiwawa. Ndinagula tonse tiwiri. Makutu a German Shepherd ameneyo sanaimepo mpaka lero.

Kamodzi kanafa sabata isanathe. Kanayamba kusanza, kenako kutsegula m'mimba kwa magazi, fungo lake loti simungaliiwale. Adokotala a ziweto anandiuza kuti ndi parvo, matenda amene amapulula tiana tagalu tosabayidwa katemera, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Anandifunsa ngati tinabayidwapo. Ndinaseka, chifukwa kwathu kumudzi galu sankapita kwa dokotala. Iwo sanaseke. Kotsalako kanapulumuka atakaika madiripi masiku angapo, ndipo ndalama imene ndinalipira inaposa lendi yanga ya mwezi umenewo. N'chifukwa chake ndinakatcha Mwandida.

Tsono ndinachita zimene aliyense amachita. Ndinaitana kalipentala, anakhoma kakhola ka matabwa ndi lata pamwamba, kuseri kwa nyumba. Anzanga kuntchito anandilangiza kuti galu asamaone anthu masana, ukamutsekera ndiye amalusa usiku. Wina anati ndizimuthirira tsabola m'chakudya, wina anati ndimudyetse mavu. Za mavuzo sindinachite, koma kutsekera ndinatsekera. M'mawa ndinkamusiyira nsima yotsala ndi madzi m'kabeseni, n'kumapita. Mwezi wa October, lata lija likutentha ngati chiwaya cha tchipisi, kabeseni atakagubuduza 8 koloko isanakwane. Ine ndili muofesi, fani ikuzungulira, mtima uli m'malo kuti ndili ndi mlonda kunyumba.

Anandiuza ndi agogo a nyumba yoyandikana nayo. Anandiimitsa pageti madzulo ena nati, “Mwanawe, galu wakoyu amalira kuyambira pamene watulukira mpaka dzuwa kupendeka. Ife tinasiya kugona masana.” Ndinapepesa, koma sindinasinthe kanthu.

Loweruka lina ndinamutsegulira masana kuti ndikolope m'khola. Mdzukulu wa agogo aja, mwana wa zaka 7, analowa kudzatola mpira wake wa mapepala. Mwandida, amene anali asanaonepo mwana pafupi chibadwire, anamuluma pa katumba. Funso loyamba kuchipatala linali lakuti galuyo anabayidwa katemera wa chiwewe? Ndinalibe khadi. Nditamuchiritsa parvo ndinaona ngati nkhani ya madokotala yatha. Tinayenda zipatala zitatu kusaka katemera wa mwanayo, ndipo masiku 10 amene anatiuza kuti tizimuyang'anira galuyo ngati asinthe khalidwe ndi masiku amene sindinadye bwino. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu, palibe kuchira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ambiri mwa iwo atalumidwa ndi galu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti katemera wa chiwewe wa agalu anali waulere, pakhomo panga pomwe. A bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu mu Blantyre mu 2015, ndipo ulendo woyambawo anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20. Ankaima m'masukulu a pulayimale kumapeto kwa sabata, ana atandandalika pamzere ndi agalu awo pa zingwe za chisale ndi mawaya. Ine ndinkawadutsa pa minibasi n'kumaganiza kuti ndi za anthu ena. Mwana uja ali bwino, pano ali ku sekondale, koma agogo ake anatha chaka akundiyankha moni ndi mutu wokha.

Ndiye ndinene mosapsatira. Mwambo wotsekera galu m'bokosi tsiku lonse kuti aluse ndi nkhanza, komanso ndi uchitsiru. Poyamba ndinkati mwina zimatengera galu wake, koma ayi. Galu wotero sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa neba, wowerenga mita ya madzi, kapena apongozi anu. Amaluma chifukwa cha mantha. Ndipo wakuba wodziwa ntchito yake amangoponya nyama yothira tameki, nkhani yatha. Anthu amati agalu akumudzi sasamalidwa, koma taganizani: galu wa agogo anga ankapita nawo kumunda, ankatsatira anyamata kokasaka mbewa ndi akalulu, madzulo ankagona pafupi ndi moto akumva anthu akucheza. Nthiti zinkaoneka, inde, koma sanakhalepo yekha ola limodzi. Ife a m'tauni tinatenga nyama yokonda gulu n'kuisandutsa alamu, kenako tikudabwa ikapenga.

Ndisaiwale alandilodi. Ambiri amavomera galu pakamwa, koma akangokumba maluwa kapena kugwira nkhuku ya mnzanu wa pa poloti, mumva kuti mwana wawo akufuna kulowa m'nyumbamo mwezi wamawa. Ine ndinasamuka kawiri chifukwa cha Mwandida, ndipo nyumba ya mpanda imadula kuposa yopanda mpanda. Imeneyonso ndi ndalama ya galu, ngakhale palibe amene amaiwerengera.

Za ndalama tsopano

Chakudya ndiye cha tsiku ndi tsiku. Cha m'matumba cha m'mashopu akuluakulu chambiri chimachokera ku South Africa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ambiri tinachisiya. Ine ndimaphika phala lolimba la mgaiwa kapena madeya, kusakaniza bonya, zotsala za kubutchala ndi masamba pang'ono. Ndimaphika mphika waukulu Lamlungu ndi Lachitatu. Nsima yokhayokha siyokwanira, galu amafuna zomanga thupi. Anyezi ndi chokoleti ndi poizoni kwa iye, ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kumubaya m'matumbo. Bonya amene mukuona kuti wakwera mtengo pa ndiwo zanu, dziwani kuti muzigula wa anthu awiri.

Kamwana kamayamba katemera wa parvo ndi matenda ena kali ndi masabata 6 mpaka 8, n'kubwereza pakatha masabata atatu kapena anayi. Wa chiwewe ndi pa miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka, ndipo khadi lake muzilisunga ngati chiphaso cha banki. Mankhwala a njoka za m'mimba ndi miyezi itatu iliyonse. Nkhupakupa musazione ngati zazing'ono, zimabweretsa malungo a agalu amene amayeretsa nkhama n'kupha m'masiku ochepa. Nthawi ya dzinja kuli mphutsi zolowa pakhungu galu akamagona pa dothi lonyowa. Ndinafinyapo khumi ndi ziwiri pamsana pa Mwandida usiku umodzi, tochi ili kukamwa, magetsi atazima. Wamkazi amatentha kawiri pa chaka ndipo bere lake ndi la masiku 63 okha, choncho mukapanda kumutseketsa mudzapeza agalu a Area 25 yonse pageti panu, kenako ana asanu ndi awiri oti muwadyetse. Wamwamuna mufuleni, amasiya kuyendayenda. Pamwamba pa zonsezi muzisunga kenakake pambali, chifukwa galu amadwala pa 20, malipiro ali kutali. Ndipo zonsezi muzichita kwa zaka 10 kapena kuposa.

Mwandida anasintha nditagwetsa khola lija. Ndinayamba kudzuka 5 koloko kuyenda naye theka la ola, ndipo ndinapangana ndi mayi wina wogulitsa mandasi pafupi kuti masana azimuthirira madzi n'kukhala naye pang'ono, ine n'kumamupatsa kangachepe pakutha pa mwezi. Pano wakalamba, kukamwa kwachita imvi, amauwa mlendo kawiri n'kubwerera pamthunzi wa mango.

Yankho lanu nali, achemwali. Kamwana musatenge, kamafuna kudya katatu kapena kanayi pa tsiku ndipo inu kulibe. Za pamsewu musagule. Pitani ku bungwe losamalira nyama la LSPCA konko ku Lilongwe mukafunse galu wamkulu wofatsa amene anabayidwa kale. Koma muchite zimenezo pokhapokha ngati muli ndi mpanda, mthunzi, ndi munthu woti azimuona masana. Ngati zitatuzi palibe, ndalamayo itanirani wowotcherera akuikireni zitsulo pazenera lija.