Injini yatsopano ya dizilo imafuna ntchito, osati kungolira pamalo amodzi

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti makina anu okumbira, amene angofika kumene ku Ulongwe ali ndi injini yatsopano, muyenera kuwasiya akulira pamalo amodzi masiku awiri kapena atatu musanayambe kuwagwiritsa ntchito, monga akuuzirani anthu ena. Ine ndakhala ndikukonza akatapila ndi mathirakitala zaka zambiri, ku Moatize ndi kuno ku Angónia, ndipo ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti malangizo amenewo musawatsate, chifukwa ndi amene amapha injini zambiri zisanabweze n'komwe ndalama za mwini wake.

Chifukwa chake chili m'kati mwa silinda, chibowo cha mu injini chimene pisitoni imayendamo. Khoma la silinda yatsopano si losalala, lili ndi timizere ting'onoting'ono topingasana timene amatisiya dala kufakitale kuti tizisunga oyilo, komanso kuti maring'i a pisitoni aperesekerepo pang'ono mpaka atakhala bwino. Chimene chimakankhira maring'iwo kukhoma ndi mphamvu ya dizilo akamayaka pamwamba pa pisitoni, ndipo mphamvu imeneyo imakula pokhapokha makina akamakumba kapena kukoka katundu. Injini ikamangolira chabe, maring'i amangodutsa mopepuka, m'kati simutentha mokwanira, dizilo sapsa yense, ndipo zotsalira zake zimasakanikirana ndi oyilo n'kumata timizere tija mpaka khoma litasalala ngati galasi. Zikafika pamenepo injini imayamba kudya oyilo, kutulutsa utsi wabuluu ndi kudontha zakuda paekizozi, ndipo kawirikawiri mankhwala ake ndi kuimasula n'kukonzanso masilinda. Ndinazionapo ndi maso anga pantchito ina yokumba damu ku Tsangano, pamene mwini makina, chifukwa chowakonda kwambiri, analamula woyendetsa kuti aziwaliza tsiku lonse osakhudza dothi. Mwezi usanathe tinali tikuthira oyilo m'mawa uliwonse.

Choncho yambani ntchito tsiku loyamba lomwelo, koma mwanzeru. M'mawa ilizeni injini mphindi ngati 5 kuti oyilo afike paliponse, makamaka ku Ulongwe kumene mu June ndi July kumacha kukuzizira, kenaka yendetsani mkono ndi ndowa pang'onopang'ono kuti oyilo wa hayidiroliki nayenso afunde. Mukatero kumbani dothi wamba, lodzaza ndowa bwino, mukusinthasintha kulemera kwa ntchito ndi liwiro la injini, osangokhala pamlingo umodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zimene muyenera kupewa ndi kuikakamiza pamwala kapena pachitsa mpaka imveke ikubanika ndi kufuka utsi wakuda, ndiponso kuithamangitsa kwambiri ilibe katundu. Mabuku a Komatsu amatchula maola 100 oyamba ngati nthawi yosamala chonchi, ndipo John Deere nayenso amatumiza injini zake ndi oyilo wapadera woti akhalemo maola osachepera 100. Muziwerenga maola pawotchi ya makina, osati masiku, ndipo buku la makina anu likanena zosiyana ndi zanga, tsatani bukulo.

Pali chinthu chimodzi chimene oyendetsa ambiri amachinyozera. Pomaliza ntchito musazimitse injini nthawi yomweyo, isiyeni ilire pang'onopang'ono mphindi 3 mpaka 5 kuti turbo, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, izizire oyilo akuzungulirabe. Kulira kwa mphindi zochepaku n'kofunika, ndipo n'kosiyana kutali ndi kwa masiku awiri kuja.

Mwanenanso kuti mwina mudzapeza ntchito kumunsi, cha ku Moatize kapena mumzinda wa Tete. Kumeneko mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo fumbi la malasha ndi la m'misewu limatseka rediyeta msanga, choncho diso la woyendetsa lisachoke pageji ya kutentha, ndipo rediyeta muziyipemerera fumbi injini itazima ndi kuzizira. Sefa ya mpweya musamaitulutse tsiku lililonse n'kumaimenyetsa patayala, monga ndimaonera achinyamata ambiri akuchita, chifukwa pepala lake likang'ambika pang'ono pokha fumbi limalowa molunjika m'masilinda, ndipo limadya maring'i ngati mchenga. Dikirani kachizindikiro kake kasonyeze kuti yatsekeka. Dizilo wa m'zigubu wogulidwa m'mbali mwa msewu mumupewe ngati n'kotheka, ndipo m'mawa uliwonse muzikhetsa madzi amene amasonkhana pansi pa sefa ya mafuta, popeza ma injekitala (tizipangizo topopera dizilo m'masilinda) a injini za masiku ano sapirira madzi ngakhale pang'ono.

Za oyilo, musadabwe injini ikamamwa pang'ono m'maola oyambawa, chifukwa maring'i amakhala asanakhale bwino. Muziyeza tsiku ndi tsiku makina ali pamalo athyathyathya, ndipo muzilemba m'kabuku kuchuluka kumene mwawonjezera ndi maola ake, kuti muone ngati kukucheperachepera monga kuyenera kukhalira. Oyilo woyamba ndi sefa yake musinthe pa maola amene buku lanena, osachedwa ndiponso osafulumira, ndipo malisiti onse muwasunge, chifukwa popanda iwo ogulitsa angathe kukukanirani garantiya. Pa nthawi yomweyo makaniko wanu aonenso lamba wa fani, akungenso zomangira mapaipi ndi mabawuti a matcheni, chifukwa zinthu zatsopano zimakhwefuka zikangoyamba kugwedezeka. Mutiuze mtundu wa makinawo ndi nambala ya injini yake, kuti tikuthandizeni kupeza maola enieni osinthira oyilo woyambayo.